Chaka Chimene Ndinalakwitsa Kuwerenga Nkhanga

Mudzi wathu uli kunsi kwa mapiri a Mchinji, kufupi ndi malire. Pakati pa phiri ndi minda pali dambo lalitali, ndipo kumapeto kwake kuli dziwe losaphwa ngakhale mu Okutobala. Ukadutsa dziwelo n'kuyenda pang'ono, wafika ku Zambia. Palibe mpanda, pali kanjira chabe.

Dambolo ndi la mbumba ya amayi anga. Atsibweni anga ndiwo ankaliyang'anira, ndipo atamwalira udindowo unagwera ine. Anthu a kwina amaganiza kuti kuyang'anira dambo ndi kugawa madimba basi. Kwathu kunalinso ntchito ina, yowerenga nkhanga.

Mbalame zambiri za m'dambomo ndi zapaulendo. Akabawi amafika dzuwa likayamba kutentha, n'kumatibera anapiye mpaka mvula itatha. Anamzeze amabwera patsogolo pa mvula, amadzaza m'mwamba monse, kenako tsiku lina udzadzuka n'kupeza kulibe ndi mmodzi yemwe. Atsekwe amatera madzi akasefukira. Zinziri zimamveka m'maudzu chimanga chikamamasula. Zonsezi sitiziwerenga. Si zathu. Zikapita, chisanu n'kulowa, zimatsala za pakhomo: njiwa, nkhwali, nantchengwa wokhala yekha m'mphepete mwa madzi, ndi nkhanga.

Nthawi ya dzinja nkhanga zimabalalika ziwiriziwiri kukaikira mazira m'tchire. Juni akafika zimasonkhananso gulu limodzi, zazikulu ndi ana omwe. Zimagona m'mitengo ya m'mbali mwa phiri, m'mawa zimatsika mondondozana kudzamwa padziwe. Ndiyo nthawi yokhayo imene munthu angazione zonse pamodzi.

Atsibweni anandiphunzitsa chonchi. Umapita dzuwa lisanatuluke, umakhala kuseri kwa chulu chimene chili kuno kwa dziwe, sutsokomola, susuta. M'thumba lakumanzere umaika njere za chimanga. Nkhanga iliyonse ikafika pamadzi umachotsa njere imodzi n'kuiponya m'thumba lakumanja. Umatero masiku atatu otsatizana, ndipo pa ziwerengero zitatuzo umatenga chochepetsetsa. Zikachepera makumi awiri, chaka chimenecho msampha usatuluke m'nyumba. Zikapitirira, pa zitatu zilizonse anthu akole imodzi. Aliyense wokola nkhanga amadya nyama yake, koma zipalapasiro amabwera nazo kwa wowerenga, amene amazipachika pakhonde kuti aliyense azidzionera zatsala zingati. Chiwerengero chikakwana misampha imazulidwa tsiku lomwelo.

Sukulu ndinalekeza pulayimale, koma kuwerenga ndimadziwa. Ndinagwira ntchitoyo zaka zoposa makumi awiri ndipo palibe anandipeza ndi cholakwa. Mawu anga pa nkhani ya nkhanga sankabwezedwa. Sindinakhalepo ndi galimoto kapena nyumba yamalata ambiri, koma chimenecho ndinali nacho.

Ndikuyamba ntchitoyo, thumba lakumanja linkalemera. Pang'onopang'ono linayamba kupepuka. Mitengo ya m'mbali mwa phiri inapita ku zigafa za fodya, ndipo ineyo ndinadulako, sindibisa. Madimba anakwera mpaka pamene nkhanga zinkaikira mazira. Agalu anachuluka, moto wa osaka mbewa unkabwera udzu usanaume bwino. Chinafika chaka ndinawerenga khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndinaletsa misampha. Chaka chotsatira zinali khumi ndi zinayi. Ndinaletsanso. Chachitatu sizinasinthe kwenikweni, ndipo amuna anayamba kung'ung'udza.

Wotsogolera kung'ung'udzako anali mphwanga, mwana wa amayi aang'ono, katswiri wopota misampha ya khonje.

“Achimwene,” anatero tsiku lina anthu ali pomwepo, “kodi nkhangazi mukufuna tidzakuikireni m'bokosi? Tiuzeni tiyambe kupala matabwa aakulu.”

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Ndinamuuza kuti akafuna nyama akagwire nkhuku ya mkazi wake.

M'zaka zomwezo maso anga anali kuchita chifunga. Zinayamba ndi diso lakumanja. Ndinkaona ngati kunja kuli utsi wa lupsa pamene kulibe. Akazi anga anazindikira ine ndisananene. Anandiona ndikuthira tiyi pambali pa kapu, anangopukuta. Tsiku lina ndinapereka moni kwa chitsa cha pafupi ndi nkhokwe, ndipo pamenepo analephera kupirira.

“Bambo, chitsacho chayankha kuti chadzuka bwanji?”

“Ndimadziyankhulira ndekha.”

“Ndi ng'ala imeneyo. Tiyeni kuchipatala. Kapena kuboma, pasitolo ya Msilamu uja pali magalasi, mukayeseko.”

Ndinakana. Ndinati maso amene anawerenga nkhanga zaka zonsezi safuna botolo patsogolo pake. Choona chake n'chakuti ndinkaopa. Ndikanavala magalasi, mphwanga akananena kuti zaka zitatu zija ndinkaletsa misampha chifukwa sindinkaona.

Juni wa chaka chachinayi anabwera ndi chisanu choluma. Usiku wake ndisanapite kudambo akazi anga anati andiperekeze.

“Ndikakhala chete. Ndikangokuthandizani kuyang'ana.”

“Atsibweni ankapita okha,” ndinatero. Nkhani inathera pomwepo.

M'mawa mwake ndinakhala kuseri kwa chulu, mame atandinyowetsa mpaka m'mawondo. Nkhungu inali itagona padambo lonse. Ndinamva nkhanga zikulira kuphiri monga mwa masiku onse, kenako ndinamvanso zina chakumalire. Ndinati zagawana pogona. Nkhungu itayamba kunyamuka ndinaona timadontho takuda tikuyenda m'mphepete mwa madzi, ndipo ndinayamba kusamutsa njere. Zinadutsa khumi ndi zinayi, dzanja silinaime. Zinadutsa makumi awiri. Nditafika kunyumba ndinakhuthula thumba pamphasa n'kupeza njere makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.

Munthu wanzeru akanadzifunsa. Nkhanga khumi ndi zinayi sizingafike pamenepo m'dzinja limodzi, pakati pa agalu ndi moto. Ine sindinadzifunse. Ndinati kuletsa kwanga kwabala zipatso, ndipo onyoza aja aona.

Tsiku lachiwiri ndinapeza makumi atatu ndi zisanu ndi imodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Tsiku lachitatulo akazi anga anapita kudimba kwawo mochedwerapo, ine nditachoka kale. Dimbalo lili pafupi ndi dziwe. Atabwerako anatula ndowa n'kuima pakhomo.

“Bambo, nkhanga zanu zija ndazipeza zikadali pamadzi.”

“Zachuluka. Sizingamwe zonse nthawi imodzi.”

“Sizinandithawe. Ndadutsa ndi ndowa ngati apa ndi pankhokwe, zangosuntha pang'ono ngati nkhuku. Ndipo zina zili ndi zifuwa zoyera.”

“Ndi dzuwa limenelo, limawala pa nthenga zonyowa.”

“Ine ndaona zoyera, bambo.”

“Mayi, inu thirirani mpiru. Nkhanga zisiyireni ine.”

Anatola ndowa yawo n'kulowa kukhitchini. Takhala m'banja zaka zambiri, ndipo sanazolowere kunena chinthu katatu.

Lamulungu anthu atabwerako ku Misa, amuna a mbumba anasonkhana pakhonde panga monga mwa mwambo. Ndinathira njere pa lichero kuti aliyense awerenge yekha. Ndinati nkhanga ndi makumi atatu ndi zisanu ndi imodzi, choncho akole khumi ndi ziwiri, osaposa. Mphwanga anavula chipewa.

“Achimwene, ndinalakwa. Bokosi lija tipala laling'ono.”

Ulendo uno ndinasekako.

Misampha anaitchera pamene timatchera nthawi zonse, m'tinjira totsika kuchokera kuphiri, atamwaza madeya. Nkhanga yoyamba imakhala ya wowerenga. Anandibweretsera, ndinadya. Akazi anga anaphika bwino koma iwo anadyera nyemba. M'masabata atatu zipalapasiro zinakwana, ziwiriziwiri zomangidwa ndi luzi, mapeya khumi ndi awiri pa waya wa pakhonde. Misampha inazulidwa tsiku lomwelo. Palibe amene anaba, palibe amene anapitiriza. Anthu anasunga lamulo lonse monga ndinawauzira.

Patapita masiku ochepa kunabwera mlamu wanga pa njinga. Ndi mchimwene wa akazi anga, anakwatira kutsidya kwa malire ndipo amakhala komweko zaka zambiri, ulendo wosakwana ola limodzi wapansi. Ine ndi iye timanyozana chiyambire. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango n'kuyamba kufuula asanakhale n'komwe.

“Alamu! Ndamva kuti kuno mwanenepa. Mlongo wanga ndinakupatsani, manje mwayambanso kudya ziweto zanga?”

“Ziweto zanji? Inu muli ndi chiyani choposa nsabwe?”

“Nkhanga zanga zitatu zasowa. Anthu akuti kuno kunali phwando.”

Ndinamuuza kuti ife timakola za m'tchire, za atsibweni, ndipo zoweta zake akazifunse kwa afisi a kwawo. Akazi anga anamupatsa mpando ndi madzi, n'kukhala pamphasa chapatali. Mlamu anamwa, kenako anakweza maso n'kuona waya uja.

“Ndi zimenezi? Tatsitsani ndione. Zanga zonse ndinazidula chala chakumbuyo cha mwendo wakumanzere zili anapiye.”

Ndinatsitsa ndekha, ndili ndi mtima wofuna kumuchititsa manyazi. Anaziyala pansi n'kuyamba kuzitembenuza chimodzichimodzi. Anapatula peya imodzi, kenako ina, kenako yachitatu.

“Izi. Gwirani nokha ngati simukuona.”

Ndinagwira. Chala chinalibepo, panali kachipsera kosalala. Ndinazibweretsa pafupi ndi diso lakumanzere. Miyendo ya mapeya atatuwo inali yofiirira. Ya mapeya asanu ndi anayi otsalawo inali yakuda, ya nkhanga zenizeni za m'tchire. Kusiyana kumeneko ndinakudziwa ndili mnyamata. Zinakhala pakhonde panga masabata atatu, ndikudutsa pansi pake tsiku lililonse.

“Zinafika bwanji kuno?” ndinafunsa.

“Chitsime chathu chinagumuka kumapeto kwa mvula. Kuyambira pamenepo zimadzilondolera zokha kudziwe kwanu m'mawa uliwonse, masana zimabwerera. Ndimati mukudziwa. Mumati ndinu mwini dambo.”

“Zilipo zingati?”

“Zinali twente faifi. Manje mwandisiyira twente thuu.”

Iye anali akusekabe, akuti ndimulipire mbuzi kapena ndimubwezere mlongo wake. Ine ndinali ndikuchotsera mumtima. Pa makumi atatu ndi zisanu ndi imodzi kuchotsapo makumi awiri ndi zisanu, zotsala khumi ndi imodzi. Nkhanga za m'tchire zinali khumi ndi imodzi basi, zochepa kuposa chaka china chilichonse. Misampha tinaitchera kunjira ya kuphiri, kumene zimadutsa izo, osati kunjira ya kumalire. Ndipo pansi patsogolo panga panali miyendo ya zisanu ndi zinayi.

Mlamu anaona nkhope yanga, analeka kuseka.

“Alamu, ndimangocheza. Nkhanga zitatu si kanthu.”

“Zatsala ziwiri,” ndinatero.

Sanamve tanthauzo lake. Akazi anga anamva. Sananene kuti ndinakuuzani. Anadzuka n'kukasonkha moto woti aphikire mlendo.

Mlamu ndinamupatsa nkhuku zitatu. Anakana, ndinazimangirira ndekha pakaliyala ya njinga yake.

Masiku otsatira ndinkadzuka m'mamawa n'kuima kuseri kwa nyumba, kutchera khutu kuphiri. Tsiku loyamba ndinamva imodzi ikuitana. Inaitana nthawi yaitali. Patapita sabata sindinamvenso kanthu. Kaya ziwirizo zinali yaimuna ndi yaikazi, kaya zinawoloka phiri, kaya agalu anazipeza, sindikudziwa mpaka lero.

Ndikanatha kukhala chete. Mlamu sakanaulula, akazi anga ndiye ayi. Chaka chotsatira ndikanangonena kuti nkhanga zathawa moto, anthu akanakhulupirira, chifukwa mawu anga sankabwezedwa. Ndinaganizapo zimenezo masiku anayi, ndipo sindinyadira kuti anakwana anayi.

Lamulungu ndinaitana amuna aja. Ndinaika mapeya asanu ndi anayi mbali imodzi ya lichero, atatu mbali ina. Ndinawauza zonse mwachidule: kuti maso anga ali ndi ng'ala, kuti ndinawerenga zoweta za mlamu wanga pamodzi ndi zathu, kuti ndinachenjezedwa m'nyumba mwanga momwe koma ndinakana kumva, ndiponso kuti iwo sanalakwe kanthu.

 Ndinkayembekeza kuti mphwanga apezerapo mwayi, ndipo ndinali wokonzeka kumumvera mpaka amalize. Iye anatola peya imodzi yakuda n'kumaiyang'ana.

“Iyi ndinakola ine,” anatero. “Inali yaikazi, yonona. Ndinadabwa kuti gulu lalikulu chotere bwanji mapazi m'kanjira ndi ochepa. Koma ndinati achimwene awerenga.”

Mawu amenewo anandipweteka kuposa chipongwe chilichonse chimene akanandinena.

Ndinati ngati akufuna asankhe wina wowerenga. Palibe anadzipereka. Wina anati kuwerenga chiyani, poti zatha. Anabalalika mmodzimmodzi osatsanzika bwino.

Mwezi womwewo ndinapita kuchipatala, akazi anga atandigwira dzanja pokwera minibasi. Anandipala diso limodzi. Tsopano ndimaona njira, nkhope ya munthu ndi mizere ya m'munda. Za kutsidya kwa dziwe sindiziona, ndipo adokotala anati ndisayembekezere.

Juni wotsatira ndinadzuka nthawi yomwe ija. Ndinavala jekete, ndinaika chimanga m'thumba. Ndinaima pakhomo kanthawi, kenako ndinabwerera m'nyumba.

“Mayi, kodi mwadzuka?”

“Ndadzuka kale.”

“Kunja kukuzizira. Mutenge nsalu ziwiri.”

Sanafunse kuti tikupita kuti. Tinakhala kuseri kwa chulu masiku atatu. Iwo ankayang'ana, ine ndinkamvetsera, dzanja lili m'thumba. Kunabwera njiwa, nkhwali ziwiri ndi nantchengwa. Zoweta za mlamu sizinabwere, chifukwa anali atakonza chitsime chake ndipo ankazitsekera m'khola mpaka dzuwa litakwera. Ndinamupempha zimenezo ndipo anachita. Njere sinasamuke ndi imodzi yomwe. Zaka zingapo zotsatira zinali chimodzimodzi. Lamulungu lake ndinkakhala pakhonde ndi lichero lopanda kanthu, ndipo ankabwera ndi mphwanga yekha.

Mlamu anandimvera chisoni. Anabwera ndi mazira khumi m'kabasiketi, atawafunditsa ndi gaga.

“Alamu, ikirani nkhuku ifungatire. Zikakula mukazitaye kuphiri. Pakatha zaka ziwiri ndani adzadziwe? Mudzakhalanso ndi chowerenga, musiye kukhala ngati mwaferedwa.”

Ndinamuthokoza, koma mazirawo anabwerera nawo. Ndinamuuza kuti nkhanga zake ndinaziwerengapo kamodzi, ndipo kamodziko kanakwana.

Chaka chino tinapitanso. Miyendo yanga tsopano imavuta, tinanyamuka msanga kuti tifike nthawi yabwino. Tsiku loyamba kunalibe kanthu. Lachiwiri, nkhungu isananyamuke, ndinamva kulira kuphiri, kutali, chakumpoto kumene mitengo idakalipo. Ndinagwira mkono wa akazi anga. Tinadikira nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kuganiza kuti makutu nawonso ayamba kundinamiza. Kenako anandinong'oneza.

“Imodzi.”

Ndinasamutsa njere.

“Ziwiri. Zitatu. Dikirani, ina yaima pa udzu, ikuyang'ana kuno. Yatsika. Zinayi.”

Ine ndinkangoona utsi woyera ndi mdima wa mitengo. Ndinakhala ndi njere yachisanu m'dzanja mpaka anandiuza kuti ndiibweze. Bondo langa linachita dzanzi, ndinalisuntha, udzu unachita phokoso. Pomwepo ndinamva mapiko, phaa, zonse zinauluka kulowera kuphiri zikukalipa. Zoweta siziuluka choncho.

Tsiku lachitatu zinabweranso zinayi.

Mbiri inamveka m'mudzi, ndipo Lamulungu pakhonde panadzaza kuposa zaka zonse zapitazi, ena ana a anthu amene ndinkawerengera kale. Ngakhale tsiku loyamba kunalibe kanthu, ndinaika njere zinayi pa lichero. Mmodzi wa iwo, bambo wa ana atatu amene sankandiopa ngati mmene ankandiopera atate ake, anafunsa mosazungulira.

“Agogo, pepani, koma mwazionadi ndi maso anu?”

“Ayi,” ndinatero. “Sindinaone ndi imodzi yomwe. Aona ndi mayiwa. Afunseni.”

Onse anatembenukira kumphasa. Chiyambire mwambowu mkazi anali asanayankhulepo pa msonkhano umenewu. Akazi anga anakonza nsalu paphewa.

“Zinayi,” anatero. “Zazikulu ziwiri, zazing'ono ziwiri za chaka chino. Miyendo yakuda zonse.”

Mphwanga, amene tsopano amayendera ndodo, anati agalu ake awamanga mpaka mvula, ndipo amene atenthe udzu wa kumpoto adzaonana ndi iye. Ena anavomera, ena anangoyang'ana pansi. Sindikudziwa kuti ndi angati adzasunge. Ine ndinanena zimene zinali zanga kunena, kuti chaka chino msampha usatuluke m'nyumba.